Amnesty International inayamba ndi kalata, nafenso tingathe kulemba yathu

Mwezi watha ndinapita kukaona kalasi ya akuluakulu kuno ku Insaca. Ntchito yanga ndi kuphunzitsa aphunzitsi a makalasi amenewa, choncho nthawi zina ndimakhala kumbuyo n'kumamvetsera. Tsiku limenelo bambo wina wachikulire anaika pensulo pansi n'kufunsa kuti: "Aphunzitsi, dzina langa ndikutha kulemba tsopano. Ndalama ndimawerenga kuyambira kalekale. Nanga zina zonsezi ndi zantchito yanji pa msinkhu wanga uno?"

Anzawo anaseka, koma funsolo linali lanzeru. Munthu wasiya munda, wasiya ukonde kunyanja, wakhala pa benchi masana onse. Ayenera kudziwa chimene akuvutikira.

Ndikufuna kuwayankha bambowo pa tsamba lino, pamodzi ndi inu nonse amayi ndi abambo amene mukuphunzira kuwerenga ndi kulemba. Yankho langa ndi mbiri ya bungwe lina limene mumalimva pa wailesi. Pa Chipwitikizi amati Amnistia Internacional, pa Chingerezi Amnesty International. Bungweli lilibe asilikali, lilibe apolisi, lilibe khoti. Chida chake choyamba chinali kalata. Maganizo anga ndi akuti chida chomwecho ndi chimene mukusula inu m'kalasimo, ndipo chili ndi ntchito yaikulu kuno kwathu kuposa mmene ambiri timaganizira.

Mmene bungweli linayambira

Mu 1961 dziko lathu linali m'manja mwa Apwitikizi. Ku Portugal komweko kunkalamulira António Salazar, ndipo apolisi ake achinsinsi, a PIDE, ankamanga aliyense wotsutsa boma. Agogo athu amakumbukira nthawi imeneyo: chibalo, kulima thonje mokakamizidwa ndi mbalamatodya m'manja.

Ku London kunali loya wina dzina lake Peter Benenson. Iye ankanena kuti tsiku lina ali m'sitima anawerenga nkhani ya ophunzira awiri a ku Portugal amene anamangidwa chifukwa chokweza matambula awo n'kutchula ufulu. Akatswiri a mbiri amene anafufuza pambuyo pake sanaipeze nkhaniyo m'manyuzipepala, koma zoti anthu ankamangidwa pa zifukwa zotere mu ulamuliro wa Salazar n'zosakayikitsa.

Pa 28 Meyi 1961 Benenson anatulutsa nkhani mu nyuzipepala ya The Observer yonena za akaidi oiwalika. Anatchula anthu angapo a m'mayiko osiyanasiyana amene anali m'ndende kapena ankazunzidwa chifukwa cha maganizo awo kapena chipembedzo chawo. Mmodzi wa iwo anali Agostinho Neto wa ku Angola, dokotala ndiponso mlakatuli, amene Apwitikizi anamumanga mu 1960. Neto yemweyo anadzakhala pulezidenti woyamba wa Angola mu 1975. Choncho kuyambira tsiku loyamba, mbiri ya bungweli inakhudza anthu amene ankalamulidwa ndi Apwitikizi ngati ife.

Pempho la Benenson linali losavuta. Anauza owerenga kuti asamangokwiya n'kupinda nyuzipepala, koma atenge pepala alembere boma limene lamanga munthuyo, mwaulemu, kupempha kuti amasulidwe. Anthu ambiri anayankha. Nkhaniyo inasindikizidwanso m'mayiko ena, ndipo magulu ang'onoang'ono anayamba kukumana m'nyumba, m'matchalitchi ndi m'masukulu. Mu 1962 gululi linatenga dzina lakuti Amnesty International. Mawu akuti amnistia amatanthauza kumasula omangidwa n'kufafaniza mlandu wawo.

Chizindikiro chake ndi kandulo yoyaka yozunguliridwa ndi waya waminga. Anajambula ndi mayi wina wa m'gululi, Diana Redhouse. Waya ndi ndende, kandulo ndi kuwala kumene kumaonetsa zobisika. Lero bungweli limati lili ndi anthu oposa 10 miliyoni m'mayiko oposa 150.

Njira yake yogwirira ntchito

Bungweli linabweretsa mawu atsopano akuti mkaidi wa chikumbumtima, pa Chipwitikizi prisioneiro de consciência. Ameneyu ndi munthu womangidwa chifukwa cha zimene amakhulupirira, zimene wanena, mtundu wake kapena chipembedzo chake, yemwe sanachite zachiwawa ndipo sanalimbikitse ena kuchita zachiwawa. Kwa munthu wotere bungweli limapempha kuti amasulidwe msanga. Kwa akaidi ena onse, ngakhale olakwa, limapempha kuti aweruzidwe mwachilungamo ndipo asazunzidwe.

M'zaka zoyambirira gulu lililonse linkapatsidwa akaidi atatu. Mmodzi ankachokera ku mayiko a chikomyunizimu, wina ku mayiko a kumadzulo, wachitatu ku mayiko osauka ngati athu. Ankachita dala kuti pasapezeke wonena kuti bungweli ndi la mbali imodzi. Komanso mamembala sankaloledwa kugwira nkhani za akaidi a m'dziko lawo lomwe, kuti asalowetsepo ndale za kwawo ndiponso kuti asamangidwe nawo.

Asanapemphe anthu kulemba, ofufuza a bungweli amayamba atsimikiza nkhaniyo. Amafunsa mboni, amaona zikalata za kukhoti, amalankhula ndi madokotala ndi achibale. Kenako amalemba lipoti n'kulitumiza ku boma, kwa atolankhani ndi ku United Nations. Ndalama zofufuzira zimachokera makamaka kwa mamembala ndi anthu ofuna kwabwino, chifukwa bungweli limapewa ndalama za maboma pa ntchito yofufuza.

Mu 1973 linayamba njira yachangu. Mphunzitsi wina wa pa yunivesite ku Brazil, Luiz Basílio Rossi, anamangidwa ndi boma la asilikali, ndipo panali mantha akuti azunzidwa. Makalata anayamba kufika ku Brazil kuchokera kumayiko ambiri, ndipo chaka chomwecho anatuluka m'ndende ali moyo. Mu 1977 bungweli linalandira mphoto ya mtendere ya Nobel. Linali m'gulu la amene anakankha mayiko mpaka United Nations inavomereza pangano loletsa kuzunza anthu mu 1984.

N'chifukwa chiyani kalata imagwira ntchito? Wozunza mnzake amakonda mdima. Amadalira kuti palibe akudziwa, ndipo ngati alipo akudziwa, palibe amene afunse. Kalata imodzi imamuuza kuti dzina la mkaidiyo likudziwika. Makalata chikwi amamuuza kuti mkaidiyo akafa, padzakhala mafunso. Nthawi zambiri zimenezi n'zokwanira kuti munthu apatsidwe bulangete, aonane ndi dokotala, kapena aleke kumenyedwa.

Tsidya lina la nyanja ya Chilwa

Tisaganize kuti izi ndi nkhani za kutali. Amene mumapita kukagula kapena kukaona abale ku Malawi kudzera ku Entre Lagos ndi Nayuchi mukudziwa kuti Zomba ili tsidya lina la nyanja ya Chilwa. M'boma la Zomba muli ndende ziwiri zimene mayina ake anamveka m'dziko lonse lapansi chifukwa cha makalata amenewa.

Yoyamba ndi Mikuyu. Mu Seputembala 1987, mu ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, apolisi anamanga Jack Mapanje, mlakatuli ndi mphunzitsi wa ku Chancellor College. Sanamuuze mlandu, sanamutengere kukhoti. Anakhala ku Mikuyu zaka zitatu ndi miyezi yoposa isanu ndi umodzi. Amnesty inamutenga kukhala mkaidi wa chikumbumtima, ndipo olemba mabuku a m'mayiko ena analankhulanso. Anamasulidwa mu Meyi 1991.

Yachiwiri ndi ndende yaikulu ya Zomba. Kumeneko kunali Orton Chirwa, amene anakhalapo nduna ya zachilungamo, ndi mkazi wake Vera Chirwa, mayi woyamba kukhala loya m'Malawi. Anagwidwa mu Disembala 1981, ndipo mu 1983 anaweruzidwa kuti aphedwe. Makalata ndi mapempho anachuluka kuchokera kunja, ndipo mu 1984 chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Orton Chirwa anamwalira m'ndende mu Okutobala 1992. Vera Chirwa anatuluka mu Januwale 1993, ndipo pambuyo pake anagwira ntchito yoyendera ndende za mu Africa m'dzina la komiti ya Africa yoona za ufulu wa anthu.

Ndakuuzani za onse atatu dala. Awiri anatuluka, mmodzi anafera momwemo. Kalata si mankhwala ochiza matenda onse, ndipo amene angakuuzeni kuti imapambana nthawi zonse akukunamizani. Koma popanda makalata aja, mwina banja la a Chirwa likananyongedwa mu 1983.

Pali nkhani inanso yapafupi. Mu 2016 bungweli linatulutsa lipoti lonena za kuphedwa ndi kubedwa kwa anthu achialubino ku Malawi. Linati kuyambira mu Novembala 2014 anthu osachepera 18 anali ataphedwa. Boma la Machinga, limene tagawana nalo malire, linali limodzi mwa malo okhudzidwa kwambiri, ndipo vutoli linafikanso kumpoto kwa dziko lathu. Pamenepa ozunzawo anali anthu wamba a m'midzi, nthawi zina achibale enieni, onyengedwa ndi bodza lakuti ziwalo za munthu zimalemeretsa.

Zimene bungweli lanena za dziko lathu

Titalandira ufulu mu 1975, nkhanza sizinathe tsiku limodzi. Akuluakulu a kuno ku Niassa amakumbukira misasa ya reeducação, ndiponso anthu ambirimbiri amene anatengedwa m'mizinda mu 1983 pa Operação Produção n'kudzasiyidwa m'chigawo chino. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa lamulo lokwapula anthu pagulu. Pa nkhondo ya zaka 16 anthu wamba anavutika kwambiri, ndipo pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. M'zaka zimenezo Amnesty inkadzudzula kukwapula, kumanga anthu popanda kuwaweruza ndi chilango cha imfa.

Lamulo lokwapula linathetsedwa mu 1989. Malamulo Aakulu a dziko a 1990 anathetsa chilango cha imfa, ndipo pa 4 Okutobala 1992 pangano la mtendere linasayinidwa ku Roma. Sindikunena kuti zonsezi zinachitika chifukwa cha Amnesty. Zinachitika chifukwa anthu a Mozambique eni ake, mipingo ndi atsogoleri, anatopa ndi magazi. Koma mawu ochokera kunja anathandiza kuti amene ankalankhula m'kati asakhale okha.

Mu 2012 Amnesty inagwirizana ndi bungwe lathu lomwe, Liga Moçambicana dos Direitos Humanos, limene ankatsogolera mayi Alice Mabota. Anayendera ndende za ku Maputo ndi ku Nampula. Anapeza anthu amene anakhala miyezi, ena zaka, osaonana ndi woweruza kapena loya. Ku Machava anapeza bambo amene anakhala zaka 12 m'ndende osaweruzidwa, ndipo anatulutsidwa chaka chomwecho nkhani yake itadziwika. Ambiri mwa anthu otere anali osauka, osadziwa malamulo, opanda wowalembera ngakhale kapepala.

Mu 2018 bungweli linalemba za mudzi wa Nagonha ku Angoche, kumene nyumba zinakokoloka ndi madzi mu 2015, ndipo linati ntchito ya kampani yokumba mchenga wa migodi inathandizira ngoziyo. Mu 2019 linalankhulira mtolankhani Amade Abubacar amene anamangidwa ku Macomia mu Januwale n'kutulutsidwa mu Epulo. Mu 2020 linafunsa za mtolankhani wina, Ibraimo Mbaruco, amene anasowa ku Palma pa 7 Epulo, ndipo zaka zinadutsa osapezeka. Mu Malichi 2021 linatulutsa lipoti la nkhondo ya ku Cabo Delgado. Linadzudzula zigawenga chifukwa chopha anthu ndi kutentha midzi, linadzudzulanso asilikali ena a boma ndi kampani yachitetezo ya ku South Africa imene inalembedwa ganyu. Boma lakhala likukana zina mwa zimene bungweli limanena za asilikali. Chofunika kuona n'chakuti lipotilo silinasankhe mbali.

Amene amatsutsa ali ndi mfundo zawo

M'makalasi athu ndimamva madandaulo atatu, ndipo si bwino kuwanyoza.

Loyamba ndi lakuti awa ndi azungu a ku London, akutiuza chiyani ife? N'zoona kuti bungweli linabadwira ku Ulaya, ndipo kwa zaka zambiri maofesi ake aakulu anali kumeneko. Koma latsogoleredwapo ndi anthu a mu Africa, Pierre Sané wa ku Senegal kuyambira 1992 mpaka 2001 ndi Kumi Naidoo wa ku South Africa kuyambira 2018 mpaka 2019, ndipo lili ndi ofesi ku Johannesburg. Limadzudzulanso maboma a ku Ulaya ndi America. Komanso mfundo zimene limateteza mayiko a mu Africa anazivomereza okha m'pangano lawo la ufulu wa anthu ku Nairobi mu 1981. Ndipo ndifunse: pamene agogo athu ankamenyedwa ndi mbalamatodya, kodi anadikira mzungu kuti awauze kuti zikupweteka? Makolo athu ankadziwa kale kuti pa bwalo la amfumu mlandu sugamulidwa woimbidwa mlanduyo asanalankhule.

Lachiwiri ndi lakuti bungweli limalakwitsa. Inde limalakwitsa. Mu 1964 linachotsa Nelson Mandela pa mndandanda wa akaidi a chikumbumtima chifukwa iye anavomereza nkhondo ya zida, ndipo anthu ambiri a mu Africa anakhumudwa, ngakhale kuti mu 2006 linadzamupatsa ulemu wake waukulu. Mu 1990 linafalitsa nkhani yakuti asilikali a Iraq anapha makanda ambiri m'zipatala za ku Kuwait, ndipo pambuyo pake linavomereza kuti umboni wake unalibe maziko. Choncho lipoti la Amnesty tiliwerenge ngati mmene timamvera mboni pabwalo, ndi makutu otseguka ndi mafunso okonzeka. Phunziro lake kwa ife ndi lakuti wolemba dandaulo asawonjezere mchere, chifukwa bodza limodzi limaononga zoona khumi.

Lachitatu ndi limene limandivuta kwambiri. Anthu amati ufulu wachibadwidwe umateteza akuba. Mbava yagwidwa lero, mawa ikuyenda pamsika. Ndikumvetsa kuwawa kwake. Munthu amene waberedwa njinga kapena mbuzi yake yokhayo amapsa mtima ndithu. Koma taganizani. Gulu likagwira munthu usiku n'kumumenya mpaka kufa, ndani anaona umboni? Agogo akanenedwa kuti ndi mfiti n'kuwotcheredwa nyumba, ndani anawamva? Lamulo limene limati wakuba apite kukhoti ndi lomwelo limene lidzateteze mwana wanu tsiku limene wina adzamunamizire chifukwa cha nsanje kapena malire a munda. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ngati mlandu wa mbava ukuyenda mokhota, mankhwala ake ndi kulemba dandaulo kwa oyang'anira milandu ndi kufunsa chifukwa chake. Kutenga chibonga kumangowonjezera maliro ndi akaidi.

Ufulu wanu unalembedwa kale

Tsopano ndinene mosabisa. Ofufuza a Amnesty ndi ochepa, ndipo dziko lapansi ndi lalikulu. Mwana wanu akatsekeredwa kwa milungu iwiri popanda chifukwa, kapena achibale a malemu amuna anu akalanda nyumba ndi munda, n'zokayikitsa kuti kalata idzachokera ku London. Wolemba kalatayo adzakhala inu, kapena mnzanu wa pa benchi.

Mwayi wathu ndi wakuti sitikupempha chifundo. Ufulu wathu unalembedwa kale m'Malamulo Aakulu a dziko, Constituição da República, a 2004. Ndime 40 imati aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo, sayenera kuzunzidwa, ndipo m'dziko lino mulibe chilango cha imfa. Ndime 36 imati mwamuna ndi mkazi ndi ofanana pamaso pa lamulo. Ndime 59 imati woimbidwa mlandu amatengedwa kuti ndi wosalakwa mpaka khoti litagamula. Ndime 62 imati ali ndi ufulu wothandizidwa ndi loya. Ndime 64 imati womangidwa auzidwe nthawi yomweyo, m'njira yoti amve, chifukwa chimene wamangidwira ndi ufulu umene ali nawo. Lamulo la kayendetsedwe ka milandu limati aonekere kwa woweruza pasanathe maola 48. Ndime 79 imapatsa nzika iliyonse ufulu wopereka pempho kapena dandaulo kwa akuluakulu a boma.

Palinso malo opitako. IPAJ, kapena Instituto do Patrocínio e Assistência Jurídica, ndi ofesi ya boma imene imathandiza kwaulere anthu amene sangathe kulipira loya. Procuradoria imayang'anira kuti lamulo likutsatidwa, kuphatikizapo m'zitolokosi. Pali Provedor de Justiça ndi Comissão Nacional dos Direitos Humanos. Pali lamulo nambala 29 la 2009 loletsa nkhanza za m'banja kwa amayi, ndi lamulo nambala 19 la 2019 loletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18.

Vuto ndi lakuti lamulo lokhala m'buku silidziyendera lokha. Limafuna munthu woliwerenga, wolitchula ndi wolilemba pa pepala. Dandaulo la pakamwa limaiwalika ofesi ikatsekedwa. Dandaulo lolembedwa, lokhala ndi tsiku ndi chidindo, limadikira yankho.

Kalata imene tonse tingalembe

Mayi wina amene anaphunzira m'kalasi ina zaka zapitazo anandiuza mmene anataya gawo la munda wake. Amuna awo atamwalira, anabweretseredwa pepala n'kuuzidwa kuti ndi la chithandizo cha amasiye. Anadinda chala. Pambuyo pake anamva kuti pepalalo linkanena kuti wavomera kusiya mundawo. Anandiuza kuti chimene chinawabweretsa kusukulu ndi chala chimenecho. Lamulo loyamba la wophunzira aliyense likhale ili: musadinde chala kapena kusayina pepala limene simunaliwerenge, kapena limene munthu amene mumamukhulupirira sanakuwerengereni.

Lachiwiri, phunzirani kulemba kalata ya dandaulo. Siifuna mawu apamwamba. Pamwamba lembani malo ndi tsiku. Lembani ofesi imene mukuilembera. Fotokozani chimene chinachitika, tsiku lake, malo ake ndi amene anaona. Lembani zokhazo zimene mukuzidziwa, osati zamveka pa chitsime. Nenani momveka chimene mukupempha, kaya kuona m'bale wanu, kaya kudziwa mlandu wake, kaya kuti apite kukhoti. Musatukwane ndipo musaopseze. Mamembala a Amnesty amalangizidwa kulemba mwaulemu ngakhale kwa atsogoleri ankhanza, chifukwa kalata yachipongwe imapatsa wolandira chifukwa choitayira. Pomaliza lembani dzina lanu. Konzani makope awiri, ndipo pemphani kuti kope lanu lidindidwe kusonyeza kuti alandira.

Maofesi athu amagwiritsa ntchito Chipwitikizi. Zimenezi zisakuopseni. Yambani kulemba m'Chichewa kuti maganizo anu akhale m'malo mwake, kenako aphunzitsi kapena mwana wa sukulu akuthandizeni kumasulira. Akamaliza, akuwerengereni n'kukufotokozerani musanasayine.

Lachitatu, musapite nokha. Mphamvu ya Amnesty inali pa kuchuluka kwa olemba. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Kalata yosayinidwa ndi anthu makumi awiri a m'kalasi, yoperekedwa ndi anthu atatu pamodzi ndi amfumu kapena mtsogoleri wa mpingo kapena wa mzikiti, imalemera kuposa ya munthu mmodzi, ndipo imateteza wodandaulayo. Ndikudziwa kuti mantha alipo. Ofesi ndi yomweyo imene mudzapiteko mawa kukafuna chikalata, ndipo m'tauni yaing'ono aliyense amadziwa mnzake. N'chifukwa chake ndikunena za ulemu, zoona ndi gulu. Ndipo tikumbukire kuti m'maofesimo muli anthu ambiri achilungamo amene kalata yolembedwa bwino imawapatsa pogwira kuti akonze zinthu.

Chaka chilichonse pa 10 Disembala dziko lapansi limakumbukira tsiku limene United Nations inavomereza chikalata cha ufulu wa anthu onse mu 1948, chokhala ndi ndime 30. M'nyengo imeneyo mamembala a Amnesty amasonkhana kulemba makalata, mwambo umene unayamba ku Poland mu 2001. Ndikupempha aphunzitsi a makalasi a akuluakulu m'boma lonse la Mecanhelas, ku Insaca, ku Chiuta ndi ku Entre Lagos, kuti tisadikire Disembala. Mwezi uno kalasi iliyonse isankhe vuto limodzi lenileni la m'mudzi mwawo. Likhoza kukhala mjigo umene unawonongeka kalekale, mtsikana amene akufuna kumukwatitsa asanakwane zaka 18, kapena munthu amene wakhalitsa m'chitolokosi. Kambiranani, lembani pa bolodi, konzani zolakwika, koperani pa pepala labwino, ndipo kaperekeni. Pakatha milungu iwiri osayankhidwa, lembani ina yokumbutsa, yotchula tsiku la yoyamba ija.

Kwa bambo aja amene anafunsa, yankho langa ndi limeneli. Dzina mwaphunzira kulemba, ndipo mwachita bwino. Koma dzina limakhala pansi pa kalata. Pitirizani kubwera kusukulu mpaka mutatha kulemba zapamwambapo, chifukwa tsiku lina mdzukulu wanu kapena mnansi wanu adzazifuna.